Msuweni, za cipro ndi dzuwa zija

Eee, msuweni, funso lako ndaliona pa gulupa, loti kodi n'zoona kuti cipro, mankhwala opha bakiteriya aja, akakumana ndi dzuwa amaononga DNA ya munthu, malangizo aja a m'maselo a thupi. Kulemba kundichedwetsa, ndingolankhula. Koma iwe, mayi wa tomato, za DNA unayamba liti? Hehe, ine ndimakudziwa. Akupatsa mapiritsi a chikhodzodzo aja, wamwako pang'ono, kuwawa kwasiya, ndiye ukusaka chifukwa choti otsalawo uwaike pansi pa matiresi. Ndikunama?

Chabwino. Inde, n'zoona. Koma dikira kaye.

Ukuwakumbuka amalume a ku Chintheche, chaka chomwe anayambana ndi achimwene awo nkhani ya ukonde ija? Eya, chaka chomwecho. Anadwala chifuwa, kuchipatala anawapatsa cipro... ayi, ayi, iwo anali doxycycline, timakapisozi tija, mankhwala ena koma nawonso sagwirizana ndi dzuwa. Anawauza kuti apume, apewe dzuwa. Amalume kupuma? M'mawa mwake anali kale pamchenga, akusoka ukonde, kenako kuyanika usipa pathandala mpaka dzuwa kupendeka, atangovala kavesiti koyera kaja komwe sankakavula ngakhale pamaliro. Pofika madzulo, khosi, mapewa, mikono, zonse zikuyaka moto. Kutacha, matuza. Ine ndinawaona atabwera kuno ku Mzuzu, atakhala pakhonde kwathu ku Chibavi. Atavula vesiti ija, munthu umaiwonabe pathupi, khungu labwinobwino momwe inaphimba, kunja kwake konse kwada bii, kukusendeka. Ngakhale pamene panali lamba wa wotchi, kamzere koyera bwino kuzungulira dzanja. Patapita nthawi zikhadabo ziwiri zinayamba kutukuka kunsonga.

Ndiye azakhali, mmm, umawadziwa. Akuti zimenezi n'za anthu, achimwene aja atumiza. Anakafika mpaka kwa sing'anga, nkhuku inapita. Agogo ndi amene anafunsa kuti, nanga mfiti yake ndi yaulemu bwanji, yolodza modutsa vesiti ndi wotchi? Amalume anaseka mpaka kutsokomola, koma ndi achimwene awo sanalankhulanebe mpaka ukwati wa ku Ekwendeni uja. Zinandiwawa, chifukwa anthu awiri a bere limodzi anadana kaamba ka chinthu chomwe malaya a manja aatali akanatha kuchiletsa.

Tsono za DNA zako zija. Cipro ali m'gulu la mankhwala otchedwa fluoroquinolone. Ntchito yake yeniyeni ndi kugwira ma enzyme, kapena kuti tizipangizo ta m'selo, awiri a bakiteriya, DNA gyrase ndi topoisomerase IV, omwe amamasula DNA ya kachilomboko kuti kachulukane. Akawagwira, DNA ya bakiteriya imaduka, kachilombo n'kufa. Pamenepo dzuwa silifunika n'komwe. Vuto ndi lakuti mankhwalawa amayenda ndi magazi mpaka pakhungu, ndipo amayamwa kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso kotchedwa UVA. Zili ngati lata losiyidwa padzuwa, limalandira kutentha kenako n'kuotcha amene waligwira. Mphamvu yomwe mankhwala alandira amaipatsira oxygen wa m'maselo, oxygen uja n'kusanduka waukali, n'kuyamba kulumaluma zomwe ali nazo pafupi. DNA ili ndi zilembo zinayi, A, T, G ndi C. Chomwe chimavulala msanga ndi G, guanine, imasanduka 8-oxoguanine, ndipo selo likamakopera limatha kuiwerenga molakwika. Nthawi zina mphamvu ija imapita kwa T, ma T awiri oyandikana n'kumatirirana. Nthawi zina chingwe cha DNA chimaduka kumene.

Uli nane? Usagone, ndikufika.

Si onse a m'gululi amene ali aukali mofanana. Oopsa padzuwa ndi monga lomefloxacin, fleroxacin ndi sparfloxacin. Lomefloxacin kuwala kukamumenya amataya kachidutswa kake kotchedwa fluorine, chotsalacho n'kumagwira DNA mwachindunji. Pa mbewa zopanda ubweya zomwe anazipatsa mankhwalawo n'kumaziunika ndi UVA kwa nthawi yaitali, zotupa za pakhungu zinatulukadi. Nkhani zomwe wawerengazo zambiri zimachokera kumeneko. Cipro amachita zimenezi pang'ono kwambiri poyerekeza ndi amenewo, moxifloxacin ndiye pafupifupi ayi. Komanso maselo athu ali ndi njira zokonzera DNA yovulala, amachita zimenezo tsiku ndi tsiku, chifukwa dzuwa palokha limaivulaza kale.

Ndiye imva, msuweni. Usasiye mankhwala. Chomwe upewe ndi dzuwa. Matenda a chikhodzodzo ukawasiyira panjira amatha kukwera kukafika ku impso, ndipo tizilombo totsalato timabwera titauma mutu, cipro yemweyo osagwiranso. Zimenezo n'zimene zimandidetsa nkhawa ine kuposa guanine.

Ndipo usandiuze kuti kuno kumazizira, kuli mitambo. Mzuzu ili pamtunda, kupitirira mamita 1,200, ndipo UVA imadutsa mitambo, imadutsanso galasi la windo la minibasi. Khungu lathu lakuda limateteza, inde, koma amalume aja anali akuda kuposa iwe. Pabenchi pako paja ika ambulera yaikulu, vala malaya a manja aatali, chipewa cha khonde, makamaka kuyambira cha m'ma 10 mpaka 3 koloko. Ukamaliza mapiritsi pitiriza choncho masiku angapo. Aa, ndisaiwale, usamwere mkaka kapena chambiko, calcium amamanga cipro m'mimba n'kulephera kulowa bwino m'magazi. Madzi basi, ambiri.

Ukaona khungu likuyaka, kufiira, kapena matuza, kapena kuwawa kumtsempha wa kuseri kwa chidendene, usamwe lotsatira, pita tsiku lomwelo kumene anakulemberako akakusinthire ena. Kusintha amasintha iwowo, osati iwe wekha kunyumba, wamva? Ngati palibe zimenezo, imwa onse mpaka piritsi lomaliza, uli pamthunzi. Nditumizire chithunzi cha kapepala kaja ndione kuti anakulembera masiku angati, ndipo otsalawo ndiwawerenge, usabiseko.