Pampu ya K1.5 miliyoni ija, tawerengeraninso musanakatenge ngongole

Bambo wina wa ku Tsangano wafunsa kuti akufuna kugula pampu ya injini ya K1.5 miliyoni yothiririra tomato kudimba. Akuti chaka chilichonse azipeza K600,000, zaka zinayi ndi K2.4 miliyoni, ndiye phindu K900,000, akungofuna ndivomereze akatenge ngongole basi.

Bambo, mwalakwitsa poyambira penipeni. Mwaphatikiza ndalama ya chaka chamawa ndi ya chaka chachinayi ngati ndi zofanana, pomwe inu nomwe munaona mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, thumba la feteleza linakwera bwanji? Ndalama yomwe mudzaigwire patsogolo imachepa mphamvu, komanso nthawi yonse mukuidikirayo ngongole ikubereka.

Tengani foni yanuyo mutsegule kakyuleta. Tingoti chiwongola dzanja ndi 30 pa 100 iliyonse pachaka, kubanki mkhonde ndiye chimaposa apa kutalitali. Poti K1 yokongola lero imakhala K1.30 chaka chamawa, K600,000 ya chaka choyamba muigawe ndi 1.3, ikubwera pafupifupi K460,000. Ya chaka chachiwiri muigawe kawiri ndi 1.3 yomweyo, K355,000, ya chachitatu katatu, K270,000, ya chachinayi kanayi, K210,000 yokha. Zonse pamodzi ndi K1.3 miliyoni pa mtengo wa lero. Chotsanipo K1.5 miliyoni yomwe mutulutse lero lomwe, mwatsala ndi dzenje la K200,000. Nambala yotsalayi akadaulo a zachuma amati net present value, ikatuluka pansi pa ziro ndiye kuti chipangizocho chikudyerani ndalama. Mwina muziti tomato naye akwera mtengo, inde akwera, koma petulo, oyilo ndi mankhwala akwera naye limodzi.

Ndipo ine ndikukayika K600,000 imeneyi. Ndikudziwa mwangowerengera madengu pa mtengo wa nthawi yomwe tomato wasowa, simunachotse petulo, mapaipi omwe amang'ambika padzuwa, makaniko wodzakonza kabureta, ngakhale mbozi ya Tuta ija yomwe imaboola masamba ndi zipatso. Zaka zapitazi ndaona alimi pa Lizulu akugulitsa dengu motaya chifukwa aliyense wakolola sabata imodzi, ena kulisiya pamsika pomwepo poti yobwerera nalo kunyumba palibe. Komanso panopa mukuthirira ndi keni ndipo mumapeza kangachepe eti? Pampu muiwerengere zokhazo zomwe yawonjezera pamwamba pa zomwe mumapeza kale, osati zonse.

Malangizo anga ndi omwe ndimauza aliyense, pampu isamagone m'nyumba. Dimba lanu lokha silingaidyetse. Muigule muli anthu atatu kapena anayi pa kalabu muzisinthana masiku, ngongole muigawane, kapena ngati mwalimbikira kugula nokha muzibwereketsa kwa anzanu oyandikana madimba azilipira pa tsiku, petulo wawo. Itamakubweretserani K150,000 ina pachaka, ndiye kuti K750,000, masamu omwe aja akutuluka pafupifupi K1.6 miliyoni, mwadutsa mtengo wa pampu ndi K100,000 ndi kakuti. Makalabu omwe ndawaona akuchita bwino ndi omwe anasankha munthu mmodzi woyendetsa injini ndi kusunga buku, ikakhala ya aliyense oyilo palibe amasintha.

Pitani kaye mukafunse chiwongola dzanja chenicheni cha ngongoleyo, mulembenso zomwe munapeza dimba lapitali ndi keni, mubwere nazo tidzawerengere limodzi.