Zovala zaphokoso pa vidiyo: yambirani ku salaula

Asisi, mwafunsa mmene mungavalire mitundu yambirimbiri, matcheni ndi zonyezimira pa vidiyo yanu ya mafashoni popanda kuoneka ngati mwangotola zilizonse.

Musawononge ndalama kupita ku Lusaka. Lawirirani ku msika wa Kapata ku Chipata pamene akumasula mabelo a salaula, musake jekete yachikopa, mabuti ataliatali ndi malamba a zitsulo. Telala akusokereni siketi yotambalala ya chitenge chowala. Kenako sankhani mtundu umodzi woti uzibwerezedwa: chitenge chikakhala ndi kofiira, milomo, mikanda ndi zikhadabo zifiirenso. Zinazo zichuluke mmene mukufunira, diso lipezabe pogwira. Ma sapeur, akatswiri a zovala a ku Kinshasa ndi Brazzaville, ngakhale amatchena moopsa, ambiri sapitirira mitundu itatu.

Kamera nayo ili ndi zake. Nsalu ya timizere ting'onoting'ono imanjenjemera pa sikirini, ndipo zonyezimira zimathobwa m'maso padzuwa la masana. Jambulani cha m'ma 16 koloko.

Zikopa ndi nthenga zovala pa mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni ine sindingazisakanize ndi zovala zoonetsa thupi. Vidiyo ikafika pa WhatsApp ya kumudzi, kwa akuluakulu mukayankha nokha. Musafikenso pa zolaula, malamulo a Zambia amaletsa.