Dzimbiri kunsi kwa Hilux: musathamangire phula

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Thyolo. Anagula Toyota Hilux ku UK, inatsikira ku Durban n'kulowera pa Mwanza. Pamwamba ikuwala bwinobwino, koma tsiku limene anakasinthitsa oilo, makaniko atalowa m'dzenje anawakodola kuti adzadzionere okha: chesisi yonse psuu ndi dzimbiri. Makanikoyo akuti angoipopera phula lakuda lija, nkhani ithe. Funso lawo ndi lakuti, alole, kapena galimotoyo yatha kale?

Bambo, musalole kaye. Phula silipha dzimbiri, limangolifunditsa bulangeti. Ine ndinaphunzira ndi kapikapu kanga koyamba, kamene ndinagula kunsi kwake kuli bii, kosalala, ine n'kumati ndatola. Patapita zaka ziwiri ndinaona phula latukusira pafupi ndi tayala lakumbuyo. Nditatokosa ndi sikuludiraiva linakanganuka ngati khungwa la mtengo wouma, pansi pake pali ponyowa, chitsulo chikuyoyoka ngati bisiketi. Madzi analowa pa kamng'alu n'kusowa potulukira, dzimbiri n'kumadya mwakachetechete.

Gwero la vuto lanu ndi mchere. Dzimbiri limabwera chitsulo chikakumana ndi madzi komanso mpweya, ndipo mchere umafulumizitsa zimenezi kwambiri. Ku UK nthawi yozizira amamwaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane, matayala n'kumaponyera madzi amcherewo kunsi kwa galimoto chaka ndi chaka. Za ku Japan nazo sizonse zoyera: zochokera kumpoto, monga ku Hokkaido, zimakumana ndi zomwezi, n'chifukwa chake pa auction sheet, pepala lofotokoza mmene galimoto ilili poigulitsa pa okushoni, mumapeza chilembo S kapena C. S ndi dzimbiri, C ndi chitsulo chodyeka. Yanuyo, ngati nambala yake yakale mukuidziwa, ilembeni pa tsamba la pa intaneti la MOT history la boma la UK (MOT ndi kuyeza galimoto ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu). N'zaulere, ndipo muona ngati oyeza galimoto kumeneko ankadandaula kale za corrosion, kudyeka kwa chitsulo kuja.

Kuti mudziwe ngati yatha, pitani nayo kokwecha, aitsuke kunsi ndi madzi amphamvu aja, mutsitse sipeya, muisiye iume. Kenako lowani m'dzenje nokha ndi tochi, hamala yaing'ono ndi sikuludiraiva. Musatume munthu. Gogodani chesisi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka chimangoti phu, nthawi zina hamala n'kulowa. Chedwani pomwe masipuling'i akumbuyo amamangirira, pa chitsulo chopingasa pamwamba pa sipeya, pomangirira mashoko, ndi pa malamba ogwira thanki. Mapaipi a mabuleki muwatsate ndi chala. Ang'onoang'ono omwewo ndi amene amandiopsa kwambiri, chifukwa paipi ikaphulika mukutsetsereka ku Thyolo kuno n'katundu kumbuyo, palibe chokamba. Yodyeka siipakidwa penti, imasinthidwa.

Ku UK galimoto imalephera MOT ngati chitsulo chadyeka mpaka kufooka mkati mwa masentimita 30 kuchokera pomangirira mashoko, masipuling'i, chiwongolero, mabuleki kapena lamba wa pampando. Muyezo umenewu ndi wabwino kuubwereka. Mukapeza bowo pamalo oterewa, ntchito ndi ya wowotcherera wodziwa: adule mbali yovundayo mpaka pa chitsulo chamoyo, aike chitsulo chokhuthala mofanana. Wina akanena zomata body filler, phala lija lotsekera zibonyongo za bodi, pa chesisi, tengani makiyi muzipita. Ndipo asanayatse makina, batire ichotsedwe, thanki ndi mapaipi a dizilo zitchingidwe.

Koma nthawi zambiri Hilux ikafiira chonchi limakhala dzimbiri la pamwamba, loopsa m'maso chabe. Apa pakufunika thukuta. Palani ndi bulashi ya waya, ya pamanja kapena yomangirira ku galayindala, mpaka zonse zokanganuka zigwe. Valani magalasi ndi masiki, tiwaya timaduka n'kuuluka. Pukutani mafuta onse. Kenako pakani rust converter, mankhwala okhala ndi asidi amene amasandutsa dzimbiri lotsalira kukhala chinthu chakuda cholimba. Pa dzimbiri la mibulu sagwira ntchito, ndiye kupala kuja simungakuzembe. Akauma monga mwalembedwera pa botolo, pakani primer (penti woyambira wa pansi), red oxide wodziwika uja kapena epoxy ngati thumba likulola, kenako penti kawiri. Phula la makaniko wanu libwere pamapeto penipeni, makamaka m'malo momwe miyala imamenya, ndipo lisakhudze ekizozi, mabuleki ndi timabowo totulutsira madzi.

Chimene ambiri amaiwala ndi m'kati. Chesisi ya Hilux ili ngati bokosi, ndipo imakonda kuvunda kuyambira m'kati, komwe matope amakhazikika. Lowetsani paipi ya madzi m'mabowo ake mpaka madzi otuluka ayere, muisiye padzuwa masiku angapo, kenako mupoperemo cavity wax, mankhwala oteteza dzimbiri m'kati mwa zitsulo zamphako, monga Waxoyl, ndi kapaipi katali.

Mudzamva ena akuti oilo wakale wa injini wosakaniza ndi dizilo ndiye mankhwala. Amathamangitsadi madzi, sindikana, koma amafewetsa mabushi a labala, amamata fumbi, amadontha pabwalo pomwe ana akusewera, ndipo akafika pa mabuleki mwaputa zina. Ine ndinasiya.

Ntchito yonseyi ndi ya Seputembala kapena Okotobala. Musaiyambe mu Juni kapena Julayi chiperoni chili m'kati, mudzatsekera chinyontho pansi pa penti. Kwathu kuno mchere wa m'misewu kulibe, choncho dzimbirilo likachotsedwa bwino silibwerera msanga. Mdani amene watsala ndi matope ofiira a m'misewu ya ku minda ya tiyi, omwe amamatirira m'makona n'kukhala onyowa sabata yathunthu. Dzinja likayamba, muziwauza anyamata okwecha kuti ayambe kunsi, bodi pambuyo. Mukagogoda, nditumizireni zithunzi za pomangirira masipuling'i ndi pamwamba pa sipeya, tione ngati pakufunika wowotcherera.