Kwa mayi amene akufuna kukaonetsa ana koswetsera nsomba

Mayi, mwafunsa ngati kufupi ndi Zomba kuli malo oti ana anu akaone mmene nsomba zimaswanirana, kenako mukapumeko m'mbali mwa mtsinje popanda kuwononga ndalama zambiri. Pitani nawo ku Domasi. Kumeneko kuli malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba otchedwa National Aquaculture Centre, ndipo mtsinje wa Domasi, wochokera m'mapiri n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, uli kufupi. Mukwera minibasi ya ku Liwonde pa msewu wa M3, ndipo kuchoka m'tauni ya Zomba simutha ndi ola lomwe.

Dziwani kuti kumeneko anthu ali pa ntchito, si malo achisangalalo. Pitani pakati pa sabata, muyambire ku ofesi kukapempha chilolezo, munene kuti mwabwera ndi ana ofuna kuphunzira. Mukangozungulira nokha muona maiwe a madzi obiriwira basi, ana atopa msanga. Chimene chimawagwira mtima ndi munthu wodziwa akawafotokozera zimene zili pansi pa madziwo.

Pemphani makamaka kuti awaonetse nsomba zotchedwa makumba. Nsomba yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa, ndipo masiku onsewo siidya, mpaka tiana titaswa. Ngakhale titayamba kusambira, tikaona zoopsa timathawira m'kamwa mwa amayi awo momwemo. Chambo chimachitanso chimodzimodzi. Ana anga ataona tiana tambirimbiri tikutuluka m'kamwa mwa nsomba imodzi anakhala duu, kenako mafunso osatha ulendo wonse wobwerera. Chilunguni n'chosiyana: chimakonza chisa pansi pa dziwe, yaimuna ndi yaikazi n'kumalondera mazira limodzi, ndipo chimadya masamba, moti mwana akaponya tsamba la chinangwa kapena la mbatata adzionera yekha likutha. Mlamba ndiye wovuta kuswana m'dziwe. M'mitsinje ndi m'nyanja umadikira madzi osefukira a m'dzinja, n'chifukwa chake akatswiri amaubaya mankhwala kuti utulutse mazira, n'kuwaswetsera m'nyumba.

Ubiriwiri wa madziwo musautenge ngati uve. Amathiramo manyowa dala kuti mumere tizomera ting'onoting'ono timene nsomba zimadya, kuwonjezera pa madeya. Mwana akamva zimenezi amazindikira kuti nsomba nazonso n'zoweta ngati nkhuku, ndipo kwa ine phunziro lalikulu la ulendowu ndi limenelo, poona mmene chambo chachepera m'nyanja ndi mmene Chilwa inaphwera mu 1995 ndi 2018.

Nyengo ndi yofunika. Mu Juni ndi Julayi madzi amazizira, nsomba zimadya pang'ono ndipo kuswana kumachepa kwambiri. Kukayamba kutentha, cha mu Seputembala kupita m'tsogolo, ndi pamene mungapeze zambiri zoona.

Tsopano za kumtsinje, ndipo apa ndikupempha mundimvetse. Ana asasambe, asalowenso pamene madzi aima kapena akuyenda pang'onopang'ono, makamaka pa mabango ndi udzu. M'malo otero ndi mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu, osati kudzera pakamwa pokha ngati mmene ena amaganizira. Madzi amatha kuoneka oyera bwinobwino koma muli matenda. Dera lonse lozungulira Chilwa vutoli lilipo. Ngati mwana walowa m'madzi ndipo patapita masabata mukuona magazi mu mkodzo, pitani naye kuchipatala, mankhwala ake alipo. Mukapita pa holide ya Disembala samalaninso ndi kusefukira: mvula ikagwa kuphiri madzi amafika mwadzidzidzi, inu muli padzuwa.

Khalani pamthunzi kumtunda, yalani chitenje, idyani zimene mwatenga, ana aone amayi akuchapa ndi anyamata akuwedza. Funsani anthu a m'mudzimo malo abwino okhala, ndi amene amaudziwa mtsinjewo, ndipo pewani kuloza foni kumene anthu akusamba. Tengani madzi akumwa okwanira, zipewa, nsapato zosaterereka chifukwa m'mbali mwa maiwe mumakhala matope, ndi jumbo yobwerera nayo zinyalala. Wamng'ono kwambiri mugwireni dzanja nthawi yonse muli pa maiwe, poti ena mwa iwo ndi akuya kuposa msinkhu wake.