Mungatani kuti aphunzitsi a zachipatala asamangokhala phee pa maphunziro?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa anamwino. Apemphedwa kukonza maphunziro a tsiku limodzi a madokotala ndi anamwino amene amaphunzitsa ophunzira m'mawodi. Funso lawo ndi ili: "Ndakonza masilaidi 60, koma ndikuopa kuti anthu adzangokhala phee n'kumawodzera. Ndingatani kuti nawonso atengepo mbali?"

Mayi, poyamba tsekani kaye kompyutayo. Tengani pepala, lembani chinthu chimodzi chimene mukufuna kuti anthuwo adzathe kuchita ndi manja awo kapena pakamwa pawo akamatuluka m'chipindamo. Mu 1990, katswiri wa maphunziro a zachipatala George Miller anafotokoza magawo anayi a luso la wachipatala: kudziwa chinthu, kudziwa mmene chimachitikira, kuonetsa kuti ungachichite, ndi kuchichita pa ntchito yeniyeni. Masilaidi amafikitsa munthu pa magawo awiri oyambawo basi. Anthu anuwo ndi akuluakulu odziwa kale zambiri, chimene akusowa ndi mpata woyeserera kuphunzitsa pamaso pa anzawo.

Tiyerekeze kuti mwasankha kaphunzitsidwe ka kusoka bala. Pali njira ya masitepe anayi imene dokotala wa maopaleshoni Rodney Peyton anaifotokoza mu 1998. Mphunzitsi amasoka mwa nthawi zonse osalankhula. Kachiwiri amasoka pang'onopang'ono akufotokoza. Kachitatu wophunzira ndi amene amanena chochita, mphunzitsi n'kumatsatira. Pomaliza wophunzirayo amasoka yekha akunena chimene akuchita. Onetsani njirayi kamodzi, kenako agaweni atatuatatu, muwapatse siponji, singano ndi ulusi. Wina akhale mphunzitsi, wina wophunzira, wachitatu woonerera, ndipo azisinthana.

Yang'anitsitsani sitepe yachitatu ija. Ndinaonapo dokotala wodziwa ntchito kwambiri akulephera kudikira: wophunzira asananene kuti singano ilowe pati, manja ake anali atamanga kale mfundo. Mnzake woonerera atamuuza, anaima kaye n'kuvomera kuti ndi mmene amachitira tsiku lililonse ndi ophunzira ake. Zimenezo sakanaziona pa silaidi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kusiyana kwa maudindo. Namwino wachinyamata sangayambe kulankhula pulofesa ali pomwepo, ngakhale yankho ali nalo. Choncho musaponye funso ku gulu lonse nthawi yomweyo. Aliyense alembe kaye maganizo ake kwa mphindi imodzi, akambirane ndi amene wakhala naye pafupi, kenako muitane awiriawiriwo kuti anene zimene agwirizana. Munthu amalimba mtima akamanena za awiri. Komanso musalole kuti akuluakulu onse aunjikane tebulo limodzi.

Mukafunsa funso, dikirani. Mary Budd Rowe, amene anafufuza za kaphunzitsidwe ka sayansi, anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kupitirira, mayankho amakhala aatali komanso oyankha amachuluka. Chete ameneyo amakhala wolemera kwa inu amene mwaima kutsogolo, koma pirirani, muwerenge chamumtima.

Pa nkhani youzana zoyenera kukonza, amene wayeserera kuphunzitsa ayambe yekha kunena zimene zayenda bwino, woonerera awonjezere, kenako abwere ku zofunika kusintha. Akatero palibe amene amachita manyazi.

Nthawi yoposa theka ikhale yoyeserera. Masilaidi khumi akukwanirani, enawo mudzawatumizire pa imelo. Kutatsala mphindi 15, aliyense alembe chinthu chimodzi chimene akayese mu wodi sabata yotsatira, ndipo inu musunge mapepalawo. Pakatha mwezi, alembereni mmodzimmodzi kuwafunsa ngati anachiyesa ndiponso chimene chinawavuta. Mayankho awowo ndi amene mudzayambire pokonza maphunziro achiwiri.