Kodi matayala a nyengo yozizira ndi ofunika ku Dedza?

FUNSO: Akonzi, ndagula galimoto ya Subaru WRX S4 kuchokera ku Japan, ndipo yafika ndi matayala olembedwa Blizzak, okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu m'mbali mwake. Makaniko wanga akuti ndiwachotse chifukwa ndi a nyengo yozizira, koma ine ndikuona ngati akundiyenera poti kwathu kuno mu June ndi July kumazizira kosati masewera. Ndikufunanso kuchotsa marimu a mainchesi 18 n'kuikapo a 19. Ndithandizeni maganizo.
Wowerenga wa ku Bembeke, Dedza

YANKHO: Bambo, makaniko wanuyo wakuuzani zoona. Palibe angatsutse kuti ku Dedza kumazizira, pakuti tauniyo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo aliyense amene anadutsapo pa Bembeke m'mamawa nkhungu itaphimba msewu wa M1 amachidziwa chisanu chake. Komabe chisanu chimene anapangira matayala anuwo ndi china, cha kumadera monga Hokkaido ku Japan, kumene msewu umakutidwa ndi chipale chofewa komanso madzi oundana kwa miyezi ingapo. Matayala a nyengo yozizira amayamba kuposa matayala wamba kukazizira kufika pansi pa madigiri 7, pamene kwanuko, ngakhale kutacha kozizira chotero, dzuwa likangokwera phula limafunda.

Nkhani yagona pa mphira wake. Ndi wofewa kwambiri, ndipo mukagwada n'kuyang'anitsitsa muona timing'alu tambirimbiri topyapyala ngati todula ndi lezala, timene ntchito yake ndi kugwira pa madzi oundana. Pa phula lotentha mphira wotereyu amanyung'unyika, galimoto imachedwa kumvera chiwongolero, imayenda mtunda wautali musanaime mukaponda mabuleki, ndipo tayalalo limatha msanga. Taganizirani mukutsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti mu October, makona otsatizana, phazi lili pa buleki, kunsi kukutentha: pamenepo ndi pamene ndikukuderani nkhawa, makamaka poti galimoto yanu ndi yamphamvu. Onaninso chilembo chimene chili kumapeto kwa nambala za m'mbali mwa tayala. Ambiri mwa matayala oterewa ochokera ku Japan amakhala ndi Q, kutanthauza liwiro losapitirira makilomita 160 pa ola, pomwe galimoto zamphamvu zimafuna V, W kapena Y, omwe ndi 240, 270 ndi 300. Sindikunena kuti muzithamanga liwiro limenelo, ayi, malamulo a pamsewu salola, koma chilembocho chimasonyezanso mmene tayala limapiririra kutentha.

Chimene muyenera kuopa kwenikweni ndi mvula ya pakati pa November ndi April. Gulani matayala a nyengo yotentha odziwika kuti amagwira bwino pamsewu wonyowa, ndipo mugule onse anayi, a kampani imodzi ndi saizi imodzi, chifukwa Subaru yanu imakoka ndi matayala onse, motero akasiyana kukula kapena kutha kwake zitsulo zogawa mphamvu zimapweteka. Saizi yoyenera ndiponso mpweya wake zalembedwa pa kapepala komatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala. Ngati thumba lakukakamizani kupita ku matayala a kaunjika, werengani manambala anayi osonyeza tsiku limene anapangidwa: 3519 akutanthauza sabata ya 35 ya chaka cha 2019. Tayala limene lapitirira zaka zisanu ndi chimodzi ine sindingaliike pa galimoto yotere, ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya.

Za marimu a mainchesi 19 zija ndikupemphani muzileke. Rimu ikakula, mbali ya tayala imafupika. Pa saizi ya 225/45R18 mbaliyo ndi mamilimita pafupifupi 101, pomwe pa 245/35R19 ndi 86 okha, ndipo kusiyana kumeneku mudzakumva tsiku limene mudzagwere m'dzenje usiku, kapena pamene mudzapatuke kulowa msewu wafumbi wa kumudzi nthawi ya maliro. Tayala limatupa m'mbali, rimu n'kupindika, ndipo saizi yoteroyo simungaipeze mwachangu pa Lizulu kapena pa Ntcheu boma. Khalani ndi a 18 omwewo. Ngati mumayenda kwambiri m'misewu yokumbika, a 17 okhala ndi 225/50R17 angakutumikireni bwino koposa, malinga makaniko ayambe wayesa rimu imodzi kutsogolo n'kuizungulitsa ndi dzanja kuti aone ngati siikukhudza mabuleki, komanso atsimikize kuti mabowo ake asanu omangira rimu ndi a muyeso wa 5x114.3 monga a galimoto yanu.