Yankho kwa mayi amene mwana wawo wasiya tchalitchi chifukwa cha chiphunzitso cha chisinthiko

Mayi Nabanda, mwalemba kuti mnyamata wanu amene akuphunzira sayansi ku koleji muno mu Harare wasiya kupita nanu ku tchalitchi ku Mufakose, akuti kulibe Mulungu popeza zamoyo zinachita kusinthika, ndipo bambo ake alumbira kuti munthu wodzitcha mdzukulu wa nyani sadzadyanso nsima pakhomo pawo. Mwafunsa ngati chiphunzitsochi n'choona, ndiponso ngati munthu angachivomereze n'kukhalabe wopemphera. Ine ndinaphunzitsa sayansi ya zamoyo kwa zaka zambiri ndisanapume pa ntchito, ndipo Lamulungu lililonse ndimapezeka m'tchalitchi, choncho nkhaniyi ndakhala nayo nthawi yaitali.

Nyaniyu tiyambe tamuchotsa, chifukwa ndiye wautsa mkwiyo. Palibe wasayansi amene amaphunzitsa kuti munthu anabadwa kwa anyani amene amaba chimanga m'minda ya m'mbali mwa phiri. Chimene amaphunzitsa n'chakuti anthu ndi achimpanzi, omwe ndi anyani akuluakulu opanda mchira, anachokera ku kholo limodzi limene linalipo zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, kenaka mibadwo yawo inapatukana. Munthu sabadwa kwa msuweni wake, ngakhale onse awiri ali ndi agogo amodzi, ndiye funso lotchuka lija lakuti nanga bwanji anyani adakalipo silikhudza chiphunzitsochi n'komwe.

Mmene chisinthiko chimachitikira, inuyo mayi mukudziwa kale ngati munasankhapo mbewu ya chimanga cha makolo. Zitsononkho za m'munda umodzi sizifanana, ndipo mlimi akamapatula zazikulu zokhazokha kuti zikhale mbewu chaka ndi chaka, chimanga cha pakhomopo chimasintha pang'onopang'ono. Charles Darwin, wasayansi wa ku England amene anasindikiza buku lake lonena za chisinthiko mu 1859, anaona kuti kutchire kusankha kotereku kumachitika popanda mlimi. Ana amabadwa ochuluka kuposa amene angakule, amabadwa osiyanasiyana, ndipo chilala, matenda ndi zilombo zolusa zimapha ena n'kusiya ena, amene amapatsira ana awo chibadwa chomwe chinawapulumutsacho. Kusiyanaku kumayamba pamene DNA, yomwe ndi malangizo a chibadwa opezeka m'thupi la chamoyo chilichonse, ikukopedwa kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, chifukwa nthawi zina pamalakwika tinthu ting'onoting'ono, tambiri topanda phindu, tina tovulaza, ndipo towerengeka tothandiza.

Akuluakulu a m'gulu lino amakumbukira chloroquine, wowawa uja komanso woyabwitsa thupi. Poyamba ankachiza malungo bwinobwino, koma pakati pa tizilombo tamalungo tosawerengeka panali tina tochepa timene mankhwalawo sankatipha, ndipo munthu aliyense akamwa chloroquine, tofooka tinkafa n'kusiyira malo tolimbato kuti tiswane. Mapeto ake mankhwala anasiya kugwira ntchito, moti mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kuwasiya n'kuyamba Fansidar. Tizilomboto sitinachite kuphunzira kupirira, ndiponso palibe kachilombo kamodzi kamene kanadzisintha kokha. Chimene chinasintha ndi mtundu wonse, m'kupita kwa mibadwo. Chochititsa chidwi n'chakuti patatha zaka pafupifupi khumi chloroquine atachotsedwa, ofufuza ku Blantyre anapeza kuti tizilombo tosamva mankhwala tija tasowa, pakuti popanda mankhwalawo tinkagonja kwa tinzake. Adokotala akamatiumiriza kumaliza mankhwala a TB amakhala akuopa kuti tizilombo take nato tingasiye kumva mankhwala.

Wina anena kuti kachilombo kakhalabe kachilombo, mtundu watsopano uli kuti? Yankho lili kwathu kunyanja. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana, yoposa ya nyanja ina iliyonse padziko lapansi, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Mbuna zimapala ndere pamiyala, utaka umadya tizamoyo toyandama pakati pa madzi, ncheni zimasaka nsomba zinzake, pakamwa ndi mano a mtundu uliwonse n'zoyenerana ndi chakudya chake, komabe zonsezi zimalera mazira m'kamwa ndipo DNA yake imasonyeza kuti zinachokera ku makolo amodzi. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene bungwe la UNESCO linaikira malo otetezedwa a ku Cape Maclear pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Kumpoto, ku Uraha m'boma la Karonga, kunafukulidwa mu 1991 chibwano cha munthu wamakedzana cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Choncho pa funso loyamba sindikubisirani mawu: umboni wa chisinthiko ndi wolimba, ndipo mukauza mnyamatayo kuti aphunzitsi ake akumunamiza, adzakuonani ngati munthu woopa choonadi.

Koma pamene akunena kuti chisinthiko chatsimikiza kuti kulibe Mulungu, pamenepo wadumpha malire a phunziro lake. Sayansi imayeza zinthu zooneka ndi zowerengeka, imafotokoza mmene nsomba zinasiyanirana, koma ilibe chipangizo choyezera ngati kuseri kwa zonsezi kuli Namalenga kapena ayi. Munthu angakane Mulungu pa zifukwa zake, ndipo ena ali nazo zolemera, monga kuvutika kwa ana osalakwa, koma kukanako ndi chiganizo chake, si zotsatira za mu labotale. Darwin mwiniwakeyo, ngakhale chikhulupiriro chake chinazilala, analemba m'kalata mu 1879 kuti sanakhalepo wokana kuti kuli Mulungu, ndipo anati munthu angathe kukhala wokhulupirira kwambiri n'kuvomerezanso chisinthiko. Mkazi wake Emma anali wopemphera, ndipo awiriwa anakhala m'banja kuyambira 1839 mpaka imfa ya mwamunayo mu 1882. Gregor Mendel, amene anatulukira malamulo a chibadwa poyesa nsawawa, anali wansembe. Papa Yohane Paulo Wachiwiri ananena mu 1996 kuti chisinthiko si maganizo ongoyerekeza chabe.

Sindikunena kuti palibe pogundana. Amene amawerenga Genesis kuti masiku asanu ndi limodzi aja anali a maola 24, ndiponso kuti dziko lili ndi zaka 6,000 zokha, sangagwirizane ndi zimene miyala ndi mafupa zikusonyeza, ndipo ayenera kusankha. Ine ndinasankha kuwerenga Genesis monga buku lonena za amene analenga ndi cholinga chake, osati buku la sayansi, ndipo ndikudziwa kuti abale ena mu mpingo wanga sagwirizana nane.

Chimene ndaona n'chakuti mikangano ya opemphera ndi osakhulupirira kawirikawiri imakula chifukwa cha chipongwe. Mayankho ena pansi pa funso lanu akuti mwanayo walowa za satana, ena akuti amulodza ndipo mupite naye kwa mneneri. Chonde musatero. Achinyamata ambiri amene ndacheza nawo anachoka m'tchalitchi ataona aneneri ogulitsa mafuta odzozera kwa anthu osauka, odwala akuuzidwa kuti ataye ma ARV, kapena agogo akumenyedwa powaganizira ufiti, ndipo nkhani ya Darwin inabwera pambuyo ngati ndodo yoyendera. Nawonso osakhulupirira amalakwa akamatcha makolo awo mbuli, ngati kuti mayi amene analipira fizi pogulitsa matimati ku Mbare Musika sadziwa kuganiza.

Bambo ake muwapemphe, kudzera mwa amalume a mwanayo ngati n'kofunika, kuti abweze mawu aja a nsima, chifukwa mwana wothamangitsidwa adzangotsimikiza kuti opemphera alibe yankho koma ukali. Mnyamatayo mumuuze kuti m'nyumba mwanu anthu azipempherabe asanadye, ndipo iye angakhale chete mwaulemu popanda kutseka maso ngati sakufuna. Kenaka tsiku lina muli awiri, mumupemphe akufotokozereni m'Chichewa, popanda liwu lachingerezi, chifukwa chimene chloroquine anasiyira kugwira ntchito, ndipo akamaliza mumufunse kuti kusiya kwake kupemphera kunayamba liti, ndipo kunayamba ndi chiyani.